Tsiku limene khoma langa linagwira alamu

Anzanga, amene mwakhala mukufunsa kuti kunyumba kwanga kunachitika chiyani Loweruka lija, lero ndinena ndekha, chifukwa zimene zikumveka m'maminibasi a ku Machinjiri zapyola muyezo. Ena akuti ndinapita kwa sing'anga. Ena akuti ndinasala kudya mpaka kumwamba kunayankha. Ayi ndithu. Ine ndinangopenta pabalaza.

A Wyson, amuna anga, anamwalira chaka chatha nyengo yozizira. Nyumba ino tinamanga tonse awiri, iwo akugwira ntchito yosunga katundu ku Makata, ine ndikuphunzitsa sayansi kusekondale. Mukudziwa mmene maliro amakhalira kwathu kuno: mipando imatuluka panja, amayi amakhala pansi pamphasa m'nyumba, msana ndi mutu atatsamira khoma. Anthu atabalalika, pakhoma la pabalaza panatsala mzere wakuda wa thukuta ndi mafuta a m'mutu, kuzungulira chipinda chonse, pamsinkhu wa munthu wokhala pansi. Ndinayesa kupukuta ndi sopo, penti ndi amene ankachoka, mzere uli pompo. Ndinausiya. Kunena zoona, mtima wina sunkafuna kuti uchoke.

Chaka chili pafupi kukwana, kunabwera alamu anga a Dickson, akulu awo a malemu, kudzakambirana za tsiku londivula zovala zakuda. Asanakhale n'komwe pansi anadutsa chala pamzere uja, n'kuchiyang'ana chalacho ngati woyendera sukulu amene wapeza fumbi pa desiki.

"Mlamu, nyumba imafuna mwamuna. Taonani khomali."

Ndinati, "Ndaliona, alamu."

"Ife tikupanikizana m'zipinda ziwiri ku Ndirande, inu muli nokha m'chinyumba chonsechi, mwana wanu Tadala ali kukoleji. Si bwino tibwere tidzasamalire katundu wa mng'ono wanga, inu mukapume ku boyizi kota? Tidzakambirana tsiku lomwelo, achibale onse alipo."

Ndikapume! Ku boyizi kota kumene ndimasungira makala ndi njinga yopanda matayala! Munthu amene pomanga nyumbayi sananyamulepo njerwa ngakhale imodzi! Koma inu mumandidziwa, ine si wolongolola. Ndinangoti, "Ndamva, alamu," n'kuwathirira tiyi. Ndikudziwa kuti malamulo alipo oteteza amasiye, musandiuze. Koma kukokera abale a mwamuna wako kukhoti manda ake asanaphwe n'chinthu chimene sindinkafuna kuti Tadala achione. Ndinaganiza njira yaulemu: ndipente nyumbayo ndekha, iwale, alamu akadzalowa adzasowe poika chala.

Mwaona kuti maganizowo anali abwino? Nanga cholakwika chili pati pamenepo?

Zopenta m'nyumba muno ankadziwa ndi a Wyson. Chaka chilichonse mvula ikatha ankatulutsa zitini zawo m'kasitolo kakuseri, n'kumandifotokozera zinthu ine ndikuchonga mapepala a ana, ndikungoti "eya, eya." Zina zinandilowabe m'khutu. Ankati pabalaza ndi kuzipinda zogona kumafuna penti wamadzi wosanyezimira, chifukwa amabisa zolakwika za pulasitala. Kukhitchini ndi kubafa kumafuna wosalala wotheka kusuka, chifukwa cha nthunzi ndi mafuta. Penti wamafuta, wonyezimira kwambiri uja, ndi wa zitseko ndi mafelemu a mawindo. Njereza ndi ya pampanda panja.

Ndinatsekula kasitoloko koyamba chimwalirireni iwo. Ovolosi yawo inali pamsomali. Zimenezo ndisakambe. Pansi panali chitini chachikulu cholemera ndi ndowa yovundikira, zonse zitayenderera penti m'mbali moti zolemba sizinkaoneka. M'chitinimo munali penti wamafuta wa mtundu wa kirimu, ndinamudziwa ndi fungo. M'ndowamo munali zoyera zamadzimadzi, ndipo ine ndinagamula ndekha kuti ameneyu ndi penti wamadzi.

Apa ndi pamene sukulu inandipweteka. Ndinayamba kuganiza. Ndinati, vuto la pabalaza n'chiyani? Anthu amatsamira khoma. Ndiye pamafunika penti wotani? Wotheka kusuka. Wotheka kusuka kuposa onse ndi uti? Wamafuta. Komanso amanyezimira, alamu adzadziona nkhope pakhoma. A Wyson ankangotsatira zimene anazolowera, ine ndikutsatira nzeru. Ndinafika pomamwetulira ndekha m'kasitolo muja, mayi wamkulu wovala zakuda, ndikuganiza kuti ndawakonza malemu.

Pentiyo anali atalimba ngati chiponde chogonera, pamwamba pali chikopa. Amasungunula ndi thinazi, koma thinazi munalibe, ndipo kupita ku hadiweya kunali kudutsa pa gulosale ya mnzawo wa alamu, amene akanawaimbira foni ndisanafike n'komwe pa siteji. Ndinayang'ana botolo la palafini wa nyali ya nthawi ya mabulakauti. Ndinati, mafuta ndi mafuta. Ndinathira pang'ono, zinafewa. Ndinaona kuti penti sakwana makoma onse, ndinathiranso. Ndinathiranso kachitatu kuti burashi iziyenda bwino. Mphunzitsi wa sayansi, anthu inu! Amene ndimakalipira ana akasakaniza zinthu osawerenga botolo!

Khomalo sindinalitsuke, sindinalikwechenso ndi sandipepa. Ndinangopaka. Nditamaliza, mzere uja unkaonekabe pansi pa penti ngati ukundisuzumira. Zinandikwiyitsa. Ndinapakanso kachiwiri pamwamba pa woyamba asanaume, mochindikala kwambiri pamzere penipenipo, ndendende pamene pamafika mutu wa munthu wokhala pansi. Kunja kunali chiperoni, kamvula kowaza kaja kosatha, ndiye ndinatseka mawindo onse kuti chinyezi chisalowe. Kenaka ndinatenga ndowa ija n'kukapaka kubafa, makoma onse mpaka pansi, ndikudabwa kuti penti wamadzi ameneyu bwanji akuluma m'manja.

Kutacha ndinalowa pabalaza n'kuima. Kuwala kunawala, zimenezo sindinganame. Koma kuwalako kunaulula chilichonse chimene mmisiri wa pulasitala anabisa zaka zonsezi: timabampu, timaenje, malo amene tinatseka ming'alu. Khoma linkaoneka ngati nkhope ya mnyamata wa Fomu 2. Ndipo linali lisanaume. Tsiku lotsatira linali lisanaumebe. Ndinalowetsa mbaula kuti itenthetse chipinda, mutu unandipweteka ngati ndamenyedwa ndi musi, koma pamwamba pa penti panachita kakhungu kouma. Loweruka m'mawa, tsiku la mwambo, ndinakhudza ndi nsonga ya chala pamwamba pafupi ndi chitseko, pamene penti anali wopyapyala, chala chinabwera choyera. Ndinati zatheka.

Alendo anafika. Alamu a Dickson atavala suti yabuluu imene amavala pamaukwati. Akazi awo, mayi a Junior, ali ndi wigi yatsopano yofika m'mapewa, maso ali pa makatani anga ngati akuwayeza. Azakhali a malemu ochokera ku Phalombe, nkhalamba yaifupi yosaseka, imene mawu ake m'banjamo satsutsidwa. Kunabweranso amayi a kumpingo kwathu, atavala mabulauzi oyera ndi mipango yoyera, yochapa ndi kusita, kudzandiperekeza pamwambowo.

Mphasa ndinali nditaziyala pakati, kutali ndi khoma. Mayi wamkulu wa gululo anangoyang'ana n'kuikoka ndi phazi.

"Mayi a Tadala, mukufuna misana yathu ithyoke? Ife takalamba."

Onse anakokera mphasa kukhoma. Apa n'kuti ndikanatha kunena. Mawu anali pakamwa: musatsamire, penti sanaumitsitse. Koma alamu anali ataima pakhomo akununkhiza m'mwamba, ndipo kunena zimenezo kunali kuwapatsa ndodo yondimenyera. Ndinatseka pakamwa.

"Mwapenta, mlamu?"

"Ndapenta, alamu."

"Nokha?"

"Ndekha."

"Fungo la palafinili?"

"Ndi polishi wa pansi."

Amayi anakhala, misana inatsamira, mitu inatsamira. Mayi a Junior anasankha malo a pakona, pamene ndinapaka mochindikala kuposa pena paliponse, n'kutsamira momasuka ngati afika kale kwawo. Ine anandikhazika pakati pawo, kukhoma komweko. Mawindo anali otsekabe chifukwa cha kuzizira, anthu tinadzaza, chipinda chinayamba kufunda. Tinaimba nyimbo, tinapemphera pemphero lalitali. Ine maso anali otseka koma mtima unali pakhoma.

Kenaka alamu anaimirira kuti alankhule. Sanaime pakati ngati mlendo ayi. Anapita pansi pa chithunzi cha a Wyson chimene ndinachibwezera pamsomali wake m'mawa womwewo, n'kuika chikhatho chonse pakhoma, mwendo wina atapingasa, mmene amaimira mwini nyumba akamalankhula ndi alendi. Anayamba ndi mbiri ya banja. Anafika pa chikondi chimene anali nacho pa mng'ono wawo, amene kuchipatala anakamuona kamodzi, atanyamula nthochi zimene anadya okha. Anafika pa kufooka kwa munthu wamkazi.

Ine ndikakwiya sindilankhula, ndimauma. Ndinakankhira msana kumbuyo, ndinakanikiza mutu pakhoma ndi mphamvu zanga zonse kuti pakamwa pasatseguke. Penti ndinamuiwaliratu. Alamu akuti "nyumba yopanda mutu," ine ndikukanikiza. Akuti "mkazi akhoza kukwatiwanso mawa, katundu wa kwathu n'kudyedwa ndi mlendo," ine ndikukanikiza.

"Ndiye ife monga banja," anatero, "tikuti zakudazi tivula nkhani ya nyumba ikatha. Ikapanda kutha lero, mlamu apitiriza kuvala. Mlamu, yankhani."

Yankho ndinali nalo, laulemu, lokonzedwa bwino, ndinaliyeserera ndikupenta. Ndinagwira pansi kuti ndidzuke ndigwade bwino. Thupi linapita kutsogolo, diresi linakana pang'ono kenaka linamatuka ndi kaphokoso ngati munthu akung'amba pulasitala pachilonda. Koma mpango wanga wakuda sunabwere. Unatsala pakhoma, uli chozungulira bwinobwino ngati mutu udakali momwemo. Ine ndinagwada pakati pa anthu mutu uli pamtunda, tsitsi limene silinaone saluni chaka chathunthu litaima mbali zonse, imvi zili mbuu, pamaso pa alamu, pamaso pa azakhali.



Mayi wamkulu wa kumpingo anafuna kundithandiza. Anati adzuke, bulauzi inawakoka. "Ii, Yesu!" Mnzawo wa pambali anatembenuka kuti aone, mpango wake unatsala. Kenaka zinangomveka mbali zonse, nyaa, nyaa, amayi akumatuka mmodzimmodzi, ena mipango ili kumutu koma kumbuyo kuli chigamba cha kirimu, ena mipango ili pakhoma. Mayi a Junior anadzuka mwamphamvu ndi mantha, wigi yonse inatsala pakona, italendewera ngati mleme.

Alamu anati aloze chala kuti anthu aone zimene amanena zija. Dzanja silinachoke. Anakoka, linabwera ndi ulusi wa penti wautali ngati therere. Pofuna kudzichirikiza anatsamira ndi chigongono, suti ya maukwati inamata. Anachotsa chigongono, phewa linamata.

"Mwaona? Mwaona zimene ndimanena? Mkazi payekha..."

Anzanga, zimene zinachitika apa sindizinyadira. Chaka chonse sindinakuwepo. Kuchipatala sindinakuwe, kumanda anthu ankachita kundiyang'ana kuti mayiyu bwanji akungokhala duu. Koma nditakweza maso ndinaona chithunzi chija pamwamba pa mutu wa alamu, a Wyson akumwetulira kumwetulira kwawo kuja kwa munthu wodziwa chitini chilichonse, ndipo chinachake chinaduka. Ndinaimirira, ndinaloza chala, n'kuwatchula amuna anga dzina lenileni pamaso pa abale awo, chinthu chimene sindinachitepo chikwatiwireni.

"Wyson! Ukuseka chiyani? Ukuseka chiyani iweyo? Unalephera chiyani kulemba pazitini zako? Unangonyamuka osandiuza kuti thinazi amakhala pati, osandiuza kuti ndidzatani ndi anthu awa! Taona zimene wachita! Wandisiya ndekha, ndiye waima pamenepo ukuseka!"

Ine ndinkaloza chithunzi. Koma chithunzicho chinali kumbuyo kwa alamu, ndipo alamu, phewa lili chimatire pakhoma, sankatha kutembenuka kuti aone chimene ndikuloza. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anafunsa ndi timawu tating'ono:

"Ali... ali pati?"

"Pamutu panupo!"

Jekete anaisiya pakhoma. Anangotulutsa manja n'kudumphira pakati pa chipinda ndi shati yokha.

Pamene izi zinkachitika, mayi a Junior anali atathamangira kubafa kukasuka penti m'khosi. Penti wamafuta sachoka ndi madzi, koma iwo anadzithira madzi ndithu, akutembenuka m'kabafa kopanikiza kaja, akukhula makoma ndi mikono yonyowa. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti m'ndowa muja simunali penti wamadzi. Inali njereza ya pampanda. Anatulukira pakhonde lolowera pabalaza ali mbuu, mikono yoyera, tsaya loyera, mutu wopanda wigi, akulira. Mayi wina wa kumpingo atawaona anakuwa n'kuyambitsa nyimbo yothamangitsa ziwanda, ena n'kulandira.

Azakhali okha ndi amene sanamate, chifukwa ndi aafupi ndipo amakhala chowerama. Anadzuka pang'onopang'ono. Anayang'ana mpango wanga pakhoma. Anayang'ana chikhatho cha alamu chimene chinadindika pansi pa chithunzi, zala zonse zisanu. Anayang'ana jekete.

"Dickson," anatero, "unati tivula zakuda nkhani ya nyumba ikatha. Taona, mwini wake, mng'ono wako, wamuvula yekha. Iwe ndiwe ndani?"

"Azakhali, ndi penti chabe..."

"Penti anakugwirapo dzanja chibadwire? Bwanji wakugwira pamene umanena za nyumba yake? Bwanji mkazi wako wamuvula tsitsi?"

Ulemu wa ntchito yanga unandikakamiza kulankhula. Ndikupukuta misozi ndinati, "Azakhali, ndi palafini. Ndinathira palafini wambiri, ndiye penti sanaume."

"Khala chete, mwana wanga, watopa. Amene anakuuza kuti uthire palafiniyo ndani?"

"Palibe."

"Ehe."

Ndipo anayang'ana anthu onse ngati mlandu watha. Mayi a Junior ndi amene anamaliza, akumatula wigi pakona ndi manja awiri: "Ine m'nyumba muno sindidzagonamo, a Dickson. Mukafuna mubwere nokha, muzidzagwidwa nokha."

Mwambo unachitika mwachangu kwambiri, panja, pakamvula. Palibe amene anafuna kulowanso kukadya, chakudya tinadyera pakhonde. Alamu anakwera minibasi ndi shati yokha m'chiperoni chija, jekete atainyamula patali ndi thupi ngati ili ndi nsikidzi. Za boyizi kota sanazitchulenso mpaka lero, ndipo akandiona kutawuni amandipatsa moni ndi manja awiri.

Musaganize kuti ndinapambana mwaulemu. Mlungu wonse ndinayenda khomo ndi khomo kupepesa amayi a kumpingo ndi kutolera mabulauzi awo. Mukudziwa chimene chimachotsa penti wamafuta pansalu? Palafini. Lamulungu lotsatira mbali yonse ya amayi inkanunkha ngati nyali ya koloboyi, abusa akulalikira akutsokomola, aliyense akutembenuka kundiyang'ana. Kusukulu nkhani inafika ine ndisanafike. Ndinalowa m'kalasi kukaphunzitsa za kusakaniza zinthu, ndinapeza ana onse akhala chowongoka, palibe ndi mmodzi yemwe wotsamira khoma, nkhope zili zofatsa ngati angelo.

Tadala atabwera kutchuthi tinapala khoma lonse ndi zitsulo, ntchito yowawa kuposa kupenta, tikutukwana pansipansi. Tinakagula zitini zatsopano, ndipo ndinaima mu hadiweya n'kuwerenga zolemba zonse za kumbuyo mpaka timalemba tating'ono. Pabalaza ndi kuzipinda pali wamadzi wosanyezimira. Kukhitchini ndi kubafa kuli wosalala wosukika. Wamafuta ali pazitseko. Njereza ili pampanda. Ndendende mmene ankanenera munthu uja, ndipo zimenezo zimandikwiyitsabe.

Ndinalumbira kuti burashi sindidzaigwiranso, ndipo chilichonse cha m'chitini ndidzayamba ndawerenga, ngakhale chikhale cha nsomba. Chitini chakale chija, ndi penti wake wotsala, ndinachiika panja kuti chikatayidwe.

Dzulo madzulo ndikuthirira masamba, pageti panagogoda mayi wina amene sindimudziwa, wovala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anagwada, anandipatsa moni, anayang'ana uku ndi uku, kenaka ananong'ona:

"Mayi, pepani, ndachokera ku Bangwe. Ndamva mbiri yanu. Alamu anga akubwera Loweruka. Penti uja anatsalako?"

Ndinaganiza za sayansi, ndinaganiza za mpingo, ndinaganiza za lumbiro langa.

Ndinamupatsa chitini chonse. Palafini ndinati akagule yekha.